Ekizozi Yolira Kwambiri ndi Makutu a Ana Athu

Lachisanu lina madzulo tinali pakhonde la banja lina la mumpingo mwathu kwa Mphuka, m'munsi mwa phiri la Thyolo, tikulandira Sabata. Bambo a panyumbapo anali atangotsegula Baibulo pamene njinga yamoto inatulukira kumtunda ikulira ngati chigayo. Ana anatseka makutu, nkhuku zinabalalika, ndipo khanda lomwe linali litangogona linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Tinadikira kuti idutse, koma inakhotera pabwalo pomwepo. Anali mwana woyamba wa m'nyumbamo, akuweruka ku kabaza kuti Sabata limupeze ali pakhomo.

Titatha mapemphero, amayi ake anatitengera pambali. Za phokosolo sanadandaule kwenikweni. Chinkawapweteka ndi china. "Mwanayu wayamba mwano," anatero. "Ndikamuitana mpaka kawiri katatu. Akayankha n'kuti 'mwati chiyani amayi?' Kale sanali wotero."

Tinacheza ndi mnyamatayo, ndipo sitinaone mwano uliwonse mwa iye. Ndi iye amene amagula sopo ndi mchere panyumbapo, ndi iyenso amalipirira mlongo wake sukulu. Titamufunsa za makutu ake, anaulula kuti akagona usiku amamva kulira kosalekeza m'mutu, ngati nyenje za m'chilimwe. Kulirako kunayamba patapita miyezi ingapo chichotsereni zam'kati mwa ekizozi ya njinga yake.

Aliyense wokhala kuno akudziwa ubwino wa kabaza. Misewu yathu ndi ya zitunda ndi zigwa, ndipo minibasi sizifika m'midzi yambiri. Wodwala wofuna kupita ku Malamulo, mayi wonyamula nthochi kupita nazo kumsika, wogwira ntchito m'maesiteti a tiyi amene wachedwa, onsewa amadalira anyamata a njinga zamoto. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo ikudyetsa mabanja ambiri. Chomwe tikukamba lero ndi chizolowezi chimene chafala pakati pa anyamatawa, komanso eni galimoto ena, chopita kwa owotcherera kukaboola ekizozi, kuchotsa zam'kati mwake, kapena kuikapo paipi yopanda kanthu kuti izilira mwamphamvu.

Kodi amachotsa chiyani kwenikweni? Mu injini, petulo amaphulika kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo kuphulika kulikonse kumakankha utsi wotentha mwamphamvu kupita kunja. Kumapeto kwa ekizozi kuli chigubu chija amakaniko amachitcha sailensa. M'kati mwake muli tizipinda ndi timapaipi tobowokabowoka. Utsi ukamazungulira m'menemo umachepa mphamvu, ndipo mafunde a phokoso amawombana okhaokha n'kuzimitsana. Wochotsa zimenezi ndiye kuti watsegulira kuphulika konse kuja kuti kutuluke momwe kwachitikira, pafupi ndi mutu wake ndi wa munthu amene wamukweza.

Anyamatawa ali ndi zifukwa zawo, ndipo ndi bwino tizimve. Ena amati njinga yotere imathamanga kwambiri. Ena amati makasitomala amawamva akadali kutali. Ena amati m'makona a m'minda ya tiyi, makamaka nthawi ya chiperoni pamene nkhungu imatseka njira, phokoso limachenjeza oyenda pansi. Chifukwa chinanso, chomwe sachitchula kawirikawiri, n'chakuti mnyamata amafuna kuti anzake pa siteji adziwe kuti wafika.

Za liwiro zija, khutu limanyenga. Injini yaing'ono ya 125cc kapena 150cc inakonzedwa kuti mpweya wolowa, petulo ndi utsi wotuluka ziziyenderana. Mukatsegula ekizozi osasintha china chilichonse, kawirikawiri petulo amachepa poyerekeza ndi mpweya, injini imatentha kuposa muyeso, imayamba kuphulitsa poima, ndipo mavavu amatha kupsa. Pachitunda, pamene njinga imafunika mphamvu zokokera katundu, nthawi zina imafooka kuposa kale. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Za kuchenjeza anthu nazo zili ndi vuto lake: ekizozi imaloza kumbuyo, choncho phokoso lambiri limatsalira anthu amene mwawadutsa kale. Wochenjeza amene ali kutsogolo ndi hutala, nyali yoyaka ndi kuchepetsa liwiro pakona. Komanso woyendetsa amene makutu ake adzaza phokoso la njinga yake yomwe sangamve lole ya masamba ikubwera kumbuyo kwake.

Tsopano tibwere ku thupi. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono. M'menemo muli timaselo ta tsitsi losaoneka ndi maso, pafupifupi 16,000 m'khutu lililonse. Phokoso likalowa, titsitsi timeneti timagwedezeka n'kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lamphamvu limatigonetsa pansi ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Poyamba timadzukanso, n'chifukwa chake munthu akachoka kuchigayo amamva ngati m'makutu mwatsekeka, koma m'mawa mwake n'kukhala bwino. Zikachitika tsiku ndi tsiku, timaselo tina timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni, mankhwala odonthezera kapena zitsamba zimene zingatibwezeretse.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Akatswiri a zaumoyo wa anthu pantchito anaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, ndipo madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa 88 ndi maola anayi, pa 91 maola awiri, pa 94 ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Njinga yamoto yopanda sailensa imatha kufika pa 100 ngakhale kupitirira. Ndiye taganizani za mnyamata amene amayamba ntchito kusanache n'kuweruka kutada, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu. Popanda makina oyezera, pali njira yapafupi yodziwira: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu, woti mungamukhudze ndi dzanja, akumveni, phokosolo lafika poononga.

Choopsa cha ugonthi wotere n'chakuti sumva kuwawa ndipo umabwera mwakachetechete. Zimayamba kutayika ndi mawu osongoka, monga a ana ndi amayi, komanso zilembo ngati "s" ndi "f". Munthu amamva kuti wina akulankhula koma osazindikira mawu ake, makamaka pagulu, pamsika kapena m'tchalitchi. Apa ndi pamene apabanja amayamba kumuganizira kuti ndi wamwano. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto la kumva, ndipo linachenjezanso kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pachiopsezo chifukwa cha phokoso. Tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse linapatulidwa kuti dziko lizikumbukira zosamala makutu.

Wovulala si woyendetsa yekha. Kumbuyo kwake kumakhala mayi wobereka khanda, amene mutu wa mwana wake uli pafupi kwambiri ndi ekizozi. Kumakhala wodwala wopita kuchipatala. M'mbali mwa msewu muli wothyola tiyi amene akufunika kugona kuti alawirire kumunda, ndi agogo a matenda a kuthamanga kwa magazi. Phokoso la usiku limadula tulo ngakhale munthu asadzuke, ndipo limachititsa thupi kutulutsa timadzi ta mantha timene timakweza kugunda kwa mtima. Kwa eni galimoto pali ngozi inanso. Ekizozi yodulidwa kapena yowotcherera mosasamala imatha kuchucha utsi pansi pa galimoto, n'kulowa m'kati. Mu utsiwo muli mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo kapena mtundu, umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Umayambitsa mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo umapha.

Ife a Seventh-day Adventist tinaphunzitsidwa kuyambira tili ana kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, monga Paulo anakumbutsira Akorinto. Kuyambira 1902, pamene ntchito yathu inayamba ku Malamulo m'boma lathu lomwe lino, kulalikira ndi kuchiritsa zakhala zikuyendera limodzi. M'buku la The Ministry of Healing la 1905, Ellen G. White anaika mpumulo ndi mpweya wabwino pamndandanda wa mankhwala achilengedwe, pamodzi ndi kudziletsa. Tazolowera kumva za kudziletsa tikamakamba za fodya, mowa ndi zakudya. Makutu nawo ndi mbali ya kachisi yemweyo. Ndipo polankhula za phokoso tisaloze chala anyamata okha. Tiyang'anenso zimkuzamawu zathu pamisonkhano ya misasa, pamaukwati ndi pamaliro, ndi ana amene timawakhazika kutsogolo kwenikweni kwa masipika.

Nanga banja lingachite chiyani? Choyamba, lankhulani ndi mwana wanu mwaulemu, osati pagulu, ndipo yambani ndi kumufunsa ngati makutu ake amalira usiku. Munthu amene akudyetsa banja samva kukalipiridwa, koma amamvetsera akaona kuti mukudera nkhawa moyo wake. Chachiwiri, bwezeretsani sailensa. Makaniko wodziwa ntchito angathe kuikamo zam'kati zina kapena kuikapo ekizozi ina, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa makina othandizira kumva. Chachitatu, woyendetsa avale helemeti yotseka bwino ndipo azizimitsa injini akamadikira kasitomala, kuti makutu apume. Asaikenso mahedifoni m'makutu poyendetsa, chifukwa kuti nyimbo zimveke pamwamba pa injini amazikweza mopitirira muyeso. Ogwira ntchito m'zigayo, m'mafakitale a tiyi ndi ocheka matabwa azivala zotsekera m'makutu nthawi zonse. Thonje wamba silithandiza kwenikweni.

Ngati kulira kwa m'makutu kwatha masiku angapo, kapena munthu wayamba kufunsa kawirikawiri kuti mubwereze mawu, pitani naye ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma ku Thyolo akamuone. Nthawi zina vuto limakhala phula kapena mafinya, zomwe zimachizika. Ngati pakufunika kuyeza kamvedwe ndi makina, achipatala angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a makutu. Musasokosole m'khutu ndi machesi kapena nthenga, ndipo musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba. Akulu a mpingo ndi atsogoleri a achinyamata angathandizenso poika nkhaniyi pa pulogalamu ya Sabata masana, n'kuitana anyamata a pa siteji, ngakhale amene si a mpingo wathu.

Mnyamata uja anabwezeretsa sailensa patapita milungu iwiri. Anzake anamuseka kuti njinga yake yayamba kulira ngati makina osokera zovala, koma amayi okhala ndi ana aang'ono ayamba kusankha iyeyo. Kulira kwa m'makutu mwake sikunatheretu, ndipo mwina sikudzatha. Zomwe zatsala ndi zimene akuteteza tsopano. Amayi ake anasiya kumutcha wamwano, ndipo akafuna kumuuza kanthu amayamba amuyandikira kuti awaone pakamwa.