Tindege Titalikirane ndi Khamu la Anthu

M'chaka cha 2017 boma la Malaŵi ndi bungwe la UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindege touluka popanda munthu m'kati, totchedwa drone. Tinakondwera, pakuti timatha kufikitsa mankhwala kumidzi yakutali. Komatu walira mvula walira matope. Lero ojambula zithunzi akuulutsa tindegeti pamwamba pa mitu ya anthu paukwati ndi pampira pomwe. Taganizani, aŵerengi, batire itathera m'malere pa msika wa Njuli, pamene amayi abereka ana kumbuyo: kandegeko kagwera yani? Ku South Africa lamulo la 2015 limaletsa kukaulutsa pa mtunda wosakwana mamita 50 kuchokera pa anthu popanda chilolezo. Nafenso polemba ganyu wojambula tizipangana naye mtunda woterewu asanalandire ndalama. Chithunzi chikaipa tijambulanso, koma diso la mwana likaphulika latha.