Nsanja zopanda mapikozi asazigwetse

Ambiri a ife okhala ku Crumlin timadutsa mu Windmill Road m'mamawa kukadali mdima, tikuthamangira basi ya kuntchito. Dzina la msewuwu likunena za chigayo choyendera mphepo. Koma yendani kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, muona nyumba, paki ndi dziwe losambiramo basi. Chigayo mulibe. Chatsala ndi dzina pa chikwangwani.

Nkhaniyi yabwera chifukwa cha mkangano umene tinali nawo tikuweruka kumunda. Ku Rush, kumene anzathu ambiri amathyola ndiwo zamasamba ndi kugwira ntchito m'nyumba za magalasi, kuli chinsanja cha miyala chozungulira, chopanda denga, chopanda mapiko. Ndi bwinja la chigayo cha mphepo. Mnyamata wina pagulu pathu anati, “Akulu, chimenechi chikungodya malo. Bwanji osachigwetsa n'kumangapo nyumba, ife tikugona anayi m'chipinda chimodzi?” Ena anaseka, ena anavomera.

Mnyamatayo sitikumunyoza ayi. Lendi ya mu Dublin tonse ikutipweteka. Koma tikuti walakwitsa. Pamene paima nsanja ija n'pang'ono zedi, ngakhale khola la mbuzi lakumudzi likhoza kupikisana napo. Kusowa kwa nyumba sikunabwere ndi mulu wa miyala umenewo, ndipo sikudzatha nawo.

Amene sanaonepo chigayo chotere, chimagwira ntchito chonchi. Pamwamba pa nsanja pamakhala chipewa chimene amachitembenuza kuti chiyang'ane kochokera mphepo. Mapiko amawaveka nsalu. Mphepo ikawomba, mapiko amazungulira, n'kuzunguza mphero yaikulu pamwamba pa inzake m'katimo, tirigu n'kusanduka ufa. Zikumveka ngati mphepo inkagwira yokha ntchito, eti? Bodza. Panali munthu wokweza matumba m'makwerero, wina wosema mphero zikatha mano, wina wokwera kukapinda nsalu kukabwera chimphepo. Mphepo ikabwera pakati pa usiku, ankadzuka usiku womwewo, chifukwa mphepo sidikira kuti kuche. Fumbi la ufa linkathera m'zifuwa zawo. Ndiye tirigu ameneyo anamulima ndani, anamudula ndani? Anthu onga ife tomwe.

Kwerani basi yolowera m'tauni, mukatsike cha ku Thomas Street, mukaone St Patrick's Tower. Imeneyo ndiye nsanja yeniyeni, yaitali mamita oposa 40, ya njerwa, chipewa chake chobiriwira. Mbiri yake imayambira mu 1757, ndipo inkapera mbewu za fakitale ya wisiki ya banja la a Roe. Pa nthawi yake inali m'gulu la zigayo za mphepo zazikulu kwambiri mu Ulaya. Makina oyendera nthunzi atafika, mapiko anawachotsa. Fakitaleyo inatsekedwa m'zaka za m'ma 1920, malowo anadzagulidwa ndi a Guinness mu 1949. Dzina la a Roe silinafe. George Roe anakhalapo meya wa Dublin, Henry Roe ndi amene anapereka ndalama zokonzera tchalitchi cha Christ Church m'ma 1870.  Nanga amene ankasenza matumba aja? Funsani aliyense wodutsa pa Thomas Street akutchulireni mmodzi yekha.

Ife a ku Malawi izi sizachilendo. Mandala House ku Blantyre yaima kuyambira 1882, ndipo mayina a John ndi Frederick Moir ali m'mabuku. Amtengatenga amene ankasenza katundu wawo pamutu mayina awo anapita ndi mphepo. M'maesiteti a fodya muli mabalani akale ong'aluka, ena a ife makolo athu anasonkhezera moto m'menemo usiku wonse. Mukagwetsa balani ija, mdzukulu mudzamuloza pati pomuuza kuti agogo ako anathera mphamvu pano?

N'chifukwa chake tikuti nsanjazi ziime. Mwini munda amasiya dzina pa chikalata cha malo. Wantchito sasiya kanthu, kupatula chinthu chimene manja ake anagwira. Chikagwa chimenecho, umboni watha.

Koma kungoima sikukwanira, apa ndiye tili ndi mawu kwa akuluakulu a makhonsolo. Ku Skerries, pafupi ndi Rush pomwepo, anakonzanso zigayo ziwiri za mphepo, china cha mapiko anayi, china cha mapiko asanu, ndipo alendo amadzaza. Ntchito yabwino, tikuwayamikira. Chimene tikupempha n'chakuti paliponse pamene akuika chikwangwani chofotokoza nsanja yotere, antchito akumunda akhalepo. Mbiri yawo ilipo. Mu 1913 antchito a m'minda ya County Dublin analowa m'bungwe la Jim Larkin, n'kukakamiza alimi akuluakulu kuwakwezera malipiro ndi kuwalola kuweruka masana Loweruka. Crumlin yomwe tikukhalayi inali minda nthawi imeneyo, nyumba zambiri za khonsolozi zinamangidwa m'ma 1930. Ndiye tikamadutsa mu Windmill Road tikuponda pamene anzathu ankalima, ndipo ankadandaula zomwezi zimene timadandaula ife: maola ochuluka, ndalama yochepa, kugona mothinana.

Lero amene akuwerama m'minda ya Rush ndi Lusk ambiri ndi obwera, a ku Poland, Brazil, Bulgaria, ndi ife ochepa a Chichewa. Ena amabwera nyengo imodzi n'kubwerera, osasiya ngakhale chithunzi. Winawake anatiuza kuti mbiri ndi ya anthu okhuta. Mwina. Koma bwana akafuna kukudyera maola, choyamba amafuna uziona ngati unafika dzulo, ulibe pogwira, palibe anakhalapo pamenepa iwe usanabwere.

Mnyamata uja tamuuza kuti Lamlungu limene sitikugwira ntchito tipite limodzi. Basi nambala 33 imadutsa ku Lusk ndi ku Rush mpaka ku Skerries. Tikayambire pa bwinja la ku Rush, kenako tikaone mapiko akuzungulira ku Skerries. Ana muwatenge, ndi majekete, chifukwa mphepo ya kunyanja kumeneko siisewera.