Dzanja Limene Lidziwa Kuleka



Pa 26 Febuluwale 2013, ku Daveyton, kum'mawa kwa Johannesburg, apolisi anakangana ndi Mido Macia, mwana wa dziko lathu lino la Mozambique, wa zaka 27, amene ankayendetsa minibasi. Gwero la mkangano linali kuimika galimoto molakwika pamsewu. Anam'manga ndi unyolo kumbuyo kwa galimoto ya polisi, nam'kwekwereza mumsewu khamu la anthu likuona, wina akujambula pafoni. Patapita maola owerengeka anapezeka atafa m'chitolokosi, atavulala m'mutu. Mu 2015 khoti lalikulu ku Pretoria linapeza apolisi 8 olakwa pa mlandu wakupha, ndipo aliyense anagamulidwa zaka 15.

Ambiri amati wapolisi akapsa mtima sangathe kudzigwira. Ine sindivomereza. Tsegulani Machitidwe 21 ndi 22. Paulo atagwidwa ku Yerusalemu, kapitao wamkulu Klaudiyo Lusiya anam'manga ndi maunyolo awiri asanafunse n'komwe kuti ndani. Mumtima mwake anali ataweruza kale kuti ameneyu ndi munthu wa ku Aigupto uja amene anautsa chipolowe. Analamula kuti am'funse ndi zikoti. Koma Paulo, ali chimangire, atangonena kuti ndi Mroma, okwapulawo anabwerera m'mbuyo, kapitaonso anachita mantha. Msana unali womwewo, mlandu womwewo. Chinasintha ndi mtundu wa munthu m'maso mwawo.

Tsono kudziletsa asilikali aja anali nako kuyambira pachiyambi, koma ankakusungira anthu ena.

Izi n'zimene dziko lonse linaona ku Minneapolis, ku America, pa 25 Meyi 2020, pamene wapolisi wachizungu Derek Chauvin anatsamiza bondo pakhosi pa George Floyd, munthu wakuda, kwa mphindi zoposa 9, pa nkhani ya ndalama ya madola 20 imene ankaiganizira kuti ndi yachinyengo. Mphindi 9 si kuphethira kwa diso. M'menemo munthu akhoza kulingalira kambirimbiri n'kudzuka.

Koma tisathamangire kuloza azungu chala. Amene anakwekwereza Macia anali akuda ngati iye. Tsankho sililira khungu losiyana. Limakhuta ndi kalankhulidwe, ndi chiphaso, ndi dzina lonyoza lija limene ana athu amatchedwa ku Joni. Ndipo ife tomwe, tikamva kuti apolisi aombera munthu, kodi funso lathu loyamba silikhala lakuti ndi wa kuti? Akakhala wa mtundu wina kapena wa chipani china, mitima imakhala m'malo.

Ena a inu muli ndi ana ovala yunifomu, enanso mumaivala nokha ndipo timadyera pamodzi Mgonero. Ntchito yanu ndi yolemekezeka, ndi yoopsanso. Aroma 13 avomereza kuti wolamulira agwire lupanga. Komatu chaputala chomwecho chimamutcha mtumiki wa Mulungu, ndipo mtumiki sasankha yekha amene moyo wake uli wotsika mtengo. Munthu akamangidwa manja, kuopsa kwake kwatha; chimene chachitika pambuyo pake sichingatchedwenso kudziteteza.

Kapitao uja, atadziwa kuti wandende wake ndi Mroma, anatulutsa asilikali 470 usiku kuti ayambe naye ulendo wa ku Kaisareya, kuopa kuti angaphedwe panjira. Macia analibe mawu otero oti anene. Mtembo wake unabwera kwawo, nuikidwa ku Matola.