Kodi Wantchito Angachenjeze Bwana Wake?

Pa tchuthi chathachi ndinagwira ganyu pa nyumba ina yosungiramo chimanga. Tsiku lina akapitawo analamula kuti tisanje matumba pansi penipeni, osayalapo mitengo. Tonse tinaona kuti simenti inali yonyowa, koma aliyense anangoti, "Chabwino, bwana." Inenso ndinakhala duu, pakuti ndinaleredwa kuti mwana sayankha akulu. Patapita masabata atatu chimanga chapansi chinaola, ndipo odulidwa malipiro tinali ife.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikudzifunsa ngati anthu a mitundu ina amachitanso chotere. Mphunzitsi wina wa ku Netherlands, dzina lake Geert Hofstede, anasanthula mayankho a antchito a kampani ya IBM m'maiko ambiri pakati pa 1967 ndi 1973. M'buku lake la 1980 anasonyeza kuti ngakhale kampani inali imodzi, antchito a ku Philippines ndi ku Mexico ankaona bwana ngati munthu wapatali woopedwa, pamene a ku Denmark ndi ku Austria ankamuona ngati mnzawo wokambirana naye. Chotero munthu polowa ntchito sasiya mwambo wa kwawo pakhomo.

Ku Germany mwambo wokambirana unalowa ngakhale m'malamulo. Lamulo la 1976 linena kuti pa kampani ya antchito opitirira 2,000, theka la mipando ya bungwe loyang'anira kampaniyo likhale la oimira antchito.

Koma amene andiphunzitsa koposa ndi a ku Japan, chifukwa iwo alemekeza akulu monga ife. A kampani ya Toyota anapachika chingwe pamwamba pa antchito. Woona cholakwa pa galimoto ankakoka chingwecho, mkulu wa gulu nathamangira kudzathandiza. Zikakanika, mzere wonse unkaima. Wamng'ono sananyoze munthu, koma cholakwa sichinabisike.

Ena adzati zimenezo n'za anthu a ku Japan okha. Ayi ndithu. Mu 1982 kampani ya General Motors inatseka fakitale yake ya ku Fremont, California, yomwe inatchuka ndi mikangano ndi magalimoto osalongosoka. Mu 1984 inatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota, ndipo ambiri mwa antchito akale anabwerera. Atapatsidwa chingwe chija, anthu omwewo anayamba kupanga magalimoto abwino. Anthu sanasinthe, chinasintha ndi kayendetsedwe ka ntchito.

Ine sindinena kuti titaye ulemu wathu. Ulemu ndi chuma. Koma makolo athu sanati ulemu ndiko kukhala chete. Pa bwalo la milandu nduna ndi anthu wamba amayamba kulankhula, mfumu nimangira mlandu pomaliza. Iwo anatinso wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga bwanji pa ntchito timuyesa mdani?

Anzanga, ena a ife tidzakhala akapitawo, ena mamanejala. Tsiku limenelo tisadzadikire kuti wamng'ono alimbe mtima yekha. Tidzamufunse ife, iye asanamve maganizo athu, ndipo akanena zoona tidzamuthokoze pamaso pa anzake. Akapitawo athu aja akadangofunsa kuti, "Anyamata, pansipa pali bwanji?" chimanga chija chikadafika pa chigayo.