Lamulo kudutsa ku Nyumba ya Malamulo n'kosiyana ndi kufika ku Nchalo

NCHALO, Chikwawa: Aphungu akavomereza bilu, mtsogoleri wa dziko n'kuisainira, anthu ambiri amatenga ngati ntchito yatha. Koma gawo 74 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti lamulo silingayambe kugwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazeti ya boma, ndipo Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yoika tsiku lina lamtsogolo. Malamulo ambiri okhudza malonda ndi ntchito amasiyira nduna udindo wolengeza tsikulo. Apa ndi pomwe zinthu zimachedwera.

Lamulo la makampani ndi chitsanzo chodziwika. Linakhazikitsidwa mu 2013 kuti lilowe m'malo mwa la 1984, koma linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2016, boma litakonza kaye malamulo ang'onoang'ono oliyendetsera. Kwa zaka pafupifupi zitatu, wamalonda wa ku Ngabu kapena ku Bangula wofuna kulembetsa kampani ankatsatirabe lamulo lomwe aphungu anali atalitaya kale.

Kuchedwa kumeneko kunali kochepa poyerekeza ndi zomwe zinachitikira lamulo la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito, la Workers' Compensation Act, la mu 2000. Lamuloli linayamba kugwira ntchito, koma mtima wake unatsalira. Linalamula kuti pakhale thumba lomwe olemba anzawo ntchito onse azisonkhamo ndalama, kuti munthu akavulala, akadwala chifukwa cha ntchito kapena akamwalira, chipukuta misozi chizichokera m'thumbamo. Kwa zaka zoposa 20 thumbali linangokhala papepala, ndipo udindo wonse wolipira unali pamutu pa wolemba ntchito aliyense payekha.

Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu. Wolemba ntchito akamalipira yekha, wovulala amalandira pokhapokha ngati bwana wakeyo ali ndi ndalama, ali ndi inshuwalansi, komanso akupezeka. Kampani yaikulu ngati ya shuga ya Illovo, yomwe minda yake ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966 pansi pa dzina la Sucoma, ili ndi maofesi ndi mabuku omwe mkulu woona za ntchito m'boma angathe kuwafikira. Sizili chomwecho ndi kontilakitala wamng'ono amene walemba anyamata khumi kwa miyezi itatu, n'kusamuka ntchito ikatha. Wodula nzimbe amene wadzitema ndi chikwanje, kapena wokumba ngalande amene khoma lamugwera, kawirikawiri amakhala pansi pa bwana wa mtundu wachiwiriwu.

Nkhaniyi ikukula m'chigwa cha Shire chifukwa cha pulogalamu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe inakhazikitsidwa mu Malichi 2020 ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje potenga madzi ku Kapichira. Alimi akulembetsa malo awo motsatira lamulo la malo a makolo la mu 2016, lomwenso linadikira mpaka 2018 kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo akuphatikiza mindayo m'makopaletivi, monga momwe anzawo a ku Phata ndi ku Kasinthula anachitira kale pa ulimi wa nzimbe.

Chomwe sichikambidwa mokwanira m'misonkhano ya khonsolo ndi chakuti kopaletivi yotereyi, tsiku lomwe yalemba woyendetsa thalakitala, mlonda kapena wopopera mankhwala, imasanduka wolemba ntchito pamaso pa lamulo. Imayenera kulipira malipiro osachepera omwe nduna yalengeza, ndiponso kuyankha ngozi ikachitika. Mlimi amene dzulo ankalipira waganyu ndi chidebe cha chimanga sangayembekezeke kudziwa zonsezi popanda womuphunzitsa. Ngozi imodzi yaikulu ikhoza kumeza phindu la chaka chonse la kopaletivi yongoyamba kumene, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chomwe opanga lamulo la mu 2000 anaganizira za thumba lapamodzi.

Lamulo la penshoni likusonyeza kuti zinthu zikhoza kuyenda mwina. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011, limodzi ndi kusintha kwa lamulo la ntchito la mu 2000 pa nkhani ya ndalama zomwe munthu amalandira akachotsedwa ntchito, nkhani yomwe inali itavutitsa makhoti kwa zaka zingapo. Linaika poyera kuti wolemba ntchito azisonkha 10 peresenti ya malipiro, wogwira ntchito 5 peresenti, ndipo linapereka udindo woyang'anira kwa mkulu wa Reserve Bank. Madandaulo atachuluka, makamaka a anthu ochotsedwa ntchito omwe ankadikira miyezi isanu ndi umodzi asanakhudze ndalama zawo, lamuloli linaunikidwanso. Lamulo latsopano la mu 2023 linachepetsa nthawiyo kufika pa miyezi itatu. Vuto la olemba ntchito omwe amadula ndalama koma osakazipereka silinathe, komabe panali tsiku lodziwika, woyang'anira wodziwika, ndi kuunikanso patatha zaka 12.

Kusintha kwa mu 2021 nako kunafulumira. Kunathetsa utenanti, kunapereka tchuthi cha masabata awiri kwa bambo amene mkazi wake wabereka, komanso kunalola olemba ntchito kudula malipiro sitalaka ikapyola masiku atatu pachaka, mfundo yomwe bungwe la Malawi Congress of Trade Unions linatsutsa kwambiri. Za utenanti zimakhudza kwambiri madera olima fodya. Kuchigwa kuno vuto lalikulu ndi la antchito a nyengo, omwe amalembedwa nthawi yodula nzimbe kapena yokolola thonje, ndipo amachoka popanda pepala lililonse losonyeza kuti anagwirapo ntchito.

Bungwe la Law Commission lili ndi mphamvu younika malamulo, ndipo unduna wa zantchito umakambirana ndi olemba ntchito komanso mabungwe a apantchito lamulo lisanasinthidwe. Zokambiranazo zimachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Umboni wa momwe lamulo likugwirira ntchito uli kwina: uli m'mabuku a madandaulo a maofesi a zantchito a pa boma la Chikwawa ndi la Nsanje, m'mafayilo a anthu ovulala omwe akudikira malipiro, ndi mwa anthu a ku Marka kapena ku Makhanga omwe anasiya mlandu panjira chifukwa ulendo wopita ku khoti la nkhani za ntchito ku Blantyre ndi wodula kuposa ndalama zomwe akufuna.

Mabwanamkubwa a maboma awiriwa akanachita bwino kusonkhanitsa ziwerengero zimenezi chaka ndi chaka n'kumazitumiza ku unduna, osadikira kuti komiti younika malamulo ibwere kudzazifunsa. Nayo nduna iliyonse yopereka bilu ikanamanena pomwepo tsiku lomwe lamulo lidzayambe kugwira ntchito, ndalama zoliyendetsera, ndi chaka chomwe lidzaunikidwenso. Makopaletivi atsopano a m'mbali mwa ngalande ya ku Kapichira sadzadikira zonsezi kuti ayambe kulemba anthu ntchito.