Galimoto inayesedwa pa kompyuta, koma osati ndi anthu khumi mkati

Anthu a kwa Mfumu Yaikulu Mlonyeni m'boma la Mchinji akafuna kupita ku Lilongwe kapena ku Chipata amadalira msewu wa M12. Ambiri amakwera Sienta kapena minibasi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Galimotozi zisanapangidwe, akatswiri anayamba aziwombetsa kambirimbiri pa kompyuta kuti aone mmene munthu angapulumukire pangozi.

Amachita bwanji? Amajambula galimoto yonse pa kompyuta n'kuigawa m'tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri. Kenako kompyuta imawerengera mmene kachidutswa kalikonse kangapindikire galimotoyo ikawomba chinthu. Njirayi inadziwika kwambiri mu 1986 pomwe akatswiri anaonetsa pa kompyuta ngozi ya Volkswagen Polo. Mu 2000, kampani ya Toyota inatulutsa THUMS, chithunzithunzi cha thupi la munthu cha pa kompyuta, chomwe lero chimaonetsa mmene mafupa, ubongo ndi ziwalo zam'kati zingavulalire.

Zotsatira zake ndi galimoto yomwe kutsogolo kwake kumafwanyika mwadala kuti kumwe mphamvu ya ngozi, pomwe chipinda chokhalamo anthu chimakhala cholimba. Lamba ndi airbag zimagwira thupi panthawi yomweyo.

Koma mawerengero onsewa amatengera zinthu zitatu: munthu aliyense ali pampando wake, wamanga lamba, ndipo galimoto ili mmene inachokera ku fakitale. Kwathu kuno sizikhala choncho nthawi zonse. Sienta ili ndi mipando isanu ndi iwiri, koma imanyamula anthu oposa apo, ena m'buti, ena atasenza anzawo pamiyendo. Munthu wopanda lamba amauluka pangozi, ndipo akhoza kupha mnzake wakutsogolo amene anamanga wake. Galimoto yomwe inachitapo ngozi n'kungowotchereredwa, kapena yomwe airbag yake inaphulika osabwezeretsedwa, siyofanananso ndi imene inayesedwa ija.

Liwiro nalonso n'lofunika. Kuwomba mtengo pa makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Pa makilomita 100 kuli ngati mamita 40, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yake imawirikiza kanayi. Mayeso a bungwe la Global NCAP owombetsa galimoto chakutsogolo amachitika pa makilomita 64 pa ola basi.

Ngakhale galimoto yatsopano siitanthauza chitetezo. Mu 2018, pa ntchito ya Safer Cars for Africa, bungweli linapatsa Nissan NP300 Hardbody yogulitsidwa mu Africa nyenyezi ziro pa chitetezo cha akuluakulu. Apa nkhani ili m'manja mwa boma: kuika malire a chitetezo pa galimoto zolowa m'dziko muno.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo lamba amachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo cha imfa kwa okhala kutsogolo. Kwa munthu wa kwa Mlonyeni izi n'zofunika kwambiri, chifukwa akavulala modetsa nkhawa chipatala cha boma cha Mchinji chimamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100.

Choncho musanakwere, onani ngati pali mpando wanu ndi lamba wogwira ntchito. Mwana asakhale kutsogolo pamiyendo. Ngati yadzaza, dikirani ina.