Mnyamata Uja Ankaimba Banjo Kuseri kwa Kalasi

Anthu amene anakhalapo m'kalasi imodzi akakumana patapita zaka 20 kapena 30, kaya ndi paukwati, pamaliro kapena padepoti podikira basi, kawirikawiri sakumbutsana za masamu. Amayamba ndi mphunzitsi wamkulu amene ankakwapula ochedwa, n'kubwera pa nyemba zofumbwa za kusekondale yogonera komweko, ndipo posakhalitsa wina amafunsa za mnyamata uja ankaimba banjo. Sukulu zambiri za m'Malawi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinali naye mnyamata wotere. Dzina lake lenileni ambiri analiiwala, koma nyimbo zake akuzikumbukirabe.

Banjo yakeyo sinali yogula. Ankatenga chitini cha mafuta, kuchiboola, n'kulowetsamo mtengo wosemedwa bwino, ndipo nsambo zake zinali mawaya a mabuleki opempha kwa okonza njinga pamsika. Mnzake ankaimba ng'oma ya chikopa cha mbuzi yoponda ndi phazi, pambali pake pali waya wotungidwa zitsekerero za mabotolo. Gulu likakula pankabwera babatoni, chida chachitali cha nsambo imodzi chimene woimba amachikhalira n'kumachimenya ndi kamtengo, dzanja linalo likuyendetsa botolo pansamboyo. Zida zimenezi sizinkaloledwa m'kalasi. Zinkabisidwa patchire kuseri kwa bwalo la mpira mpaka belu lowerukira lilire. Loweruka anyamatawo ankapita pamsika kapena pakhonde la tiyirumu n'kuika mbale pansi, ndipo matambala ogweramo ankagulira makope ndi sopo, mwinanso kuonjezera pa fizi, pakuti masiku amenewo pulayimale inali yolipira.

Sukulu nayo inali ndi nyimbo zake. M'mawa uliwonse ana ankaimba paasembule, ndipo mphunzitsi wodziwa ankalemba pabolodi timalembo ta d, r ndi m, n'kugawa ana m'magulu a mawu aang'ono ndi a besi. Vuto linali lakuti nyimbo sizinkafunsidwa pa mayeso a Sitandade 8, amene ankatsegula khomo lopapatiza lopita kusekondale. Mayeso akayandikira, nthawi ya nyimbo ndiyo inkayamba kudyedwa ndi masamu ndi Chingerezi. Kwaya inkadzuka pokhapokha kukamabwera mlendo wa boma kapena pokonzekera chikondwerero cha pa 6 Julaye. Makolo nawo ankaona kuti mwana wogwira gitala wayamba njira ya kumowa ndi uchitsiru, ndipo mabanjo ambiri anathera pamoto wophikira nsima. Makolowo sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa oimba ambiri amene ankawadziwa ankamwalira osauka.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zimene dziko limanyadira lero zinachokera kwa ana omwewo. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anapeza Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, anyamata a ku Chileka, akuimba nyimbo za kwela m'misewu ya Blantyre. Donald, amene ankaliza chitoliro ali wamng'ono ndithu, anadzayenda maiko ambiri, ndipo mu 1999 anaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo zakwawo pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Luso limene ophunzira a ku America ankalilemba m'makope, iye analiphunzira pabwalo la kwawo ndi m'mbali mwa msewu.

Nkhani ya ku Balaka ndiyo imaonetsa bwino zimene zimachitika munthu wamkulu akatchera khutu. Mu 1978 Paul Banda ndi anzake achinyamata anayambitsa gulu la Alleluya Band pa parishi ya Katolika ya m'tauniyo, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Chimene anyamatawo anapatsidwa chinali chochepa tikachiyerekeza ndi ndalama zimene mabungwe amathera pa msonkhano umodzi wa kunyanja: zida zenizeni, malo oyeserera, ndi munthu wowafunsa mawa lake ngati ayeserera. Patapita nthawi Paul Banda anatsegula situdiyo yojambulira nyimbo ya Imbirani Yahwe, ndipo tauni imene inkangodziwika ndi sitima ya pamtunda, thonje ndi kutentha inasanduka likulu la nyimbo. M'zaka za m'ma 1990 makaseti a ku Balaka ankamveka m'minibasi ndi m'magolosale kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri anadutsa m'gulu limeneli.

Wotchuka koposa onse anali mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, wobadwa mu 1970, amene anayamba kuimba ndi gululi akadali pa msinkhu wa mwana wa sukulu. Mu 1997 anayambitsa Zembani Band, ndipo anthu anamutcha Soldier chifukwa cha nyimbo zake zoyankhulira osauka ndi zodzudzula olamula. Mu 2004 anthu a kumpoto kwa Balaka anamusankha kukhala phungu wawo. Apa m'pamene nkhani ya sukulu inamutsatira. Mu 2006 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya MSCE, anataya mpando wake, ndipo anakhala m'ndende miyezi ingapo asanatuluke atachita apilo. Anthu akwawo anamusankhanso mu 2014, ndipo atamwalira mu Juni 2024 dziko lonse linalira. Ena amati mlandu uja unali ndi fungo la ndale, ena amati lamulo ndi lamulo. Koma aliyense amene anasiya kalasi chifukwa cha gitala anamva nkhaniyo mumtima, pakuti inaonetsa kuti ngakhale munthu atakhala ndi mawu odzaza bwalo la masewero, tsiku lina adzafunsidwa pepala. Mwana sayenera kukakamizidwa kusankha chimodzi mwa ziwirizi ali ndi zaka 13.

Kodi lero zasintha? Pamapepala zasintha ndithu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo ana amene kale akanathera pamsika analowa m'kalasi. Silabasi itakonzedwanso mu 2007, nyimbo zinaikidwa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi magule, zisudzo, zojambula ndi masewero olimbitsa thupi, ndipo phunziroli linayamba kufunsidwa pa mayeso. Koma mayesowo ndi olemba. Mwana akhoza kukhoza bwino podziwa kuti bangwe ali ndi nsambo ndipo kaligo amalizidwa ndi uta, asanagwirepo chilichonse mwa zida ziwirizi. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, amenenso kukoleji anangolawa pang'ono za nyimbo, amalembetsa manotsi basi. Amene ali ndi mwayi ndi a m'tauni, kumene kuli malo ngati Music Crossroads ku Lilongwe, ndi a m'mipingo imene inagula kiyibodi.

Anzathu a ku Zimbabwe anayenda njira ina imene ndi yoyenera kuiganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, sukulu ya nyimbo ya Kwanongoma ku Bulawayo inakonza malimba a mtundu watsopano, a mawu aang'ono, apakati ndi aakulu, n'cholinga choti ana ambiri aziimbira pamodzi m'sukulu. Aphunzitsi amene anaphunzira kumeneko anawafalitsa, ndipo lero magulu a marimba a ana a sukulu amapezeka m'Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Chidacho n'chamatabwa, mmisiri wa m'dziko momwemo amachipanga, ndipo sichifuna magetsi. Ku Malawi kuli ulimba wa ku Chigwa cha Shire, mangolongondo, bangwe, visekese za kumpoto ndi babatoni yemwe uja. Amene akuganiza kuti zida zoterezi n'zachikale aone gulu la Madalitso Band, anthu awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala, ng'oma yoponda ndi babatoni, ndipo ataimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 anayamba kuitanidwa ku Ulaya.

Makomiti a sukulu amadziwa kuitana mmisiri wa m'mudzi kudzakhoma madesiki kapena kuumba njerwa za chimbudzi. Sizimveka kawirikawiri kuti aitana mkulu wodziwa kusema banjo kapena kukunga ng'oma kuti akhale ndi ana Lachisanu masana, ngakhale kuti mkulu woteroyo amakhala m'mudzi momwemo, ndipo mwina ndi mnyamata yemwe uja anzake amamufunsa akakumana. Kawirikawiri pamapezeka mmodzi wodziwa kumene ali. Amati sanafike kusekondale, amawotcherera zitsulo kapena kusoka zovala pakhonde la sitolo, ndipo Lamulungu ndiye amatsogolera kwaya kutchalitchi. Ana ake ali pasukulu yomweyo imene iye ankabisa banjo patchire, ndipo chaka chino wamkulu akulemba mayeso a Sitandade 8.